Ng'oma zathu zikukana kulowa mu kiyibodi, ndithandizeni

Muli bwanji akuluakulu pa gulu pano? Ndine woyimba kiyibodi mu kwaya ya mpingo wathu kuno ku Kapata, Chipata. Ndimagwiritsa ntchito Yamaha PSR-S770.

Tili ndi agogo ena amene atiombera ng'oma kuyambira ndili mwana. Tsopano zala zawatupa, nyimbo ziwiri zokha akhala pansi. Mwezi wathawu tinawajambula kuseri kwa tchalitchi, ng'oma ataiwamba pamoto wa mapesi mpaka chikopa chikulira ngati belu. Kaombedwe kawo kali ndi kachedwedwe kena, dzanja lamanzere limafika mochedwa pang'ono, ndipo amayi amavinira pomwepo. Sitayilo za 6/8 za mu kiyibodi, kutanthauza kaombedwe komwe kiyibodi imadziombera yokha, zilibe zimenezo, zimangoguba, n'chifukwa chake ndikufuna kulowetsamo ng'oma za agogowo.

Mnzanga wa ku Katete ali ndi kiyibodi ya Korg Pa600. Iye anatenga mawuwo, anawadula ndi Time Slice, njira ya mu Korg yodulira mawu m'tizidutswa, moti akakweza tempo ng'oma zimamutsatira. Ndinakopera foda yake ya .SET pa fulashi, koma yanga sikuwerenga kanthu. Chondizunguza mutu n'chakuti mafayilo ake amathera ndi .STY ngati angawa. Ndayesanso kuika WAV, fayilo ya mawu tinajambula aja, pa mabatani olizira mawu otchedwa Audio Link Multi Pad. Ikulira bwino, koma otsogolera nyimbo akathamanga pang'ono, ng'oma zimatsalira m'mbuyo.

Kodi pali njira yosinthira sitayilo ya Korg kuti igwire pa Yamaha? Kapena ndigulitse iyi ndifune ina? Ndalama zake ndi za chopereka, sindifuna kuziwononga.

Yankho loyamba: Achimwene, musagulitse. Dzina la .STY ndi limodzi koma zam'kati n'zosiyana, kampani iliyonse ili ndi kasungidwe kake. Komanso sitayilo imangonena nthawi yoomba, mawu enieniwo a Korg amakhala m'mafayilo ena mu foda ija. Inu bwererani ku WAV yanu. Tsitsani Yamaha Expansion Manager pa kompyuta, ndi yaulere. Dulani kuomba kulikonse pakokha, kwapakati, kwam'mphepete, kotseka ndi chikhatho, muike pa kiyi yakeyake ngati drum kit. Pa kiyibodi tulutsani fayilo ya Instrument Info, ija yothera ndi .n27, pulogalamuyo idziwe chida chanu. Kenako ipanga paketi ya mawuwo, fayilo ya .ppi, yoika pa fulashi n'kulowetsa mu kiyibodi. S770 ili ndi malo a 160MB, ng'oma zokha sizingadzaze. Chenjerani, kuika paketi yatsopano kumafufuta zimene zinalimo kale, choncho zonse zimene mukufuna muziphatikize pamodzi.

Yankho lachiwiri: Zoona zimenezo, koma kachedwedwe mukunenako kadzatayika mukadina Quantize, yomwe imawongola kuomba kulikonse kuti kugwere pa nthawi yake ndendende, mu Style Creator, mopangira sitayilo yanu. Isiyeni. Audio Style, yomwe imaliza mawu ojambulidwa n'kumatsata tempo, ili pa S970, pa yanuyo palibe. Ngakhale pamenepo mukasintha tempo kwambiri mawu amayamba kumveka achilendo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndiye kuti ndiyenera kuomba ndekha pa makiyi momwe amaombera agogowo? Apa ndiye pondiopsa, chifukwa makutu amamva koma zala zanga zinazolowera kuwerenga. Ndiwapempha Loweruka adzakhale pambali panga, azigogoda pa benchi ine ndikujambula. Funso lina: kuomba kumodzi ndijambule kangati, kofewa ndi kwamphamvu, kuti kusamamveke chimodzimodzi nthawi zonse?