Ndakatulo yomweyo, pa foni sikukoma ngati m'buku, chifukwa chiyani?

NaBanda wa ku Ntcheu:
Abale ndifunseko. Mwana wanga ali Fomu 3, aphunzitsi anawatumizira ndakatulo pa gulupu ya WhatsApp poti mabuku ndi ochepa, ndiye mwana akuti sakuimvetsa. Nditayang'ana ndapeza kuti mizere yonse yalumikizana ngati kalata, ndime palibe, chonsecho ndakatulo imeneyi ine ndinaiwerengapo m'buku ndili pasukulu ndipo inkandigwira mtima. Mawu ndi omwewo ndithu. Vuto ndi foni kapena ndi maganizo anga chabe?

Mphunzitsi wopuma:
Mayi simukulakwitsa ayi. Mlakatuli akadula mzere amakhala akukuuzani popumira, ndipo liwu limene waliika kumapeto kwa mzere ndi limene akufuna likhalitse m'khutu. Mukalumikiza zonse zili ngati nyimbo yopanda ng'oma, mawu alipo koma povina palibe. Ngakhale mpata woyera uja wotsala m'mbali mwa tsamba uli ndi ntchito yake, umamuchedwetsa munthu kuti asathamange. Mwanayo akopere m'kope mzere ndi mzere, kenako awerenge mokweza.

Achimwene a Ndirande:
Zoona aphunzitsi, komanso si ndakatulo zokha. Amene tinakulira ma Pacesetters a Macmillan aja, anayamba kutuluka 1977, tikudziwa, kabuku kakang'ono kopyapyala kokwana m'thumba la yunifomu, chikuto chake chithunzi cha galimoto kapena munthu atagwira mfuti, umawerenga pansi pa desiki nthawi ya prep mtima uli phaphapha kuti mawa mwini wake akufuna kabwerere, ndiye nkhani ija imathamanga limodzi ndi iwe. Pomwe mabuku a African Writers Series a Heinemann, oyamba kutuluka 1962 aja, ukangoona chikuto cha olenji pa shelefu mu laibulale umakhala kaye pansi bwinobwino, umadziwa kuti ili ndi lofunika kulitafuna. Usanatsegule n'komwe chikuto chakuuza kale mmene uwerengere.

Mlongo wa ku Joni:
Koma foni musainyoze kwambiri abale. Kuno ku Johannesburg buku la Chichewa ulipeza kuti? Ine zanga ndi nkhani za pa Facebook zija zotuluka gawo ndi gawo, ndimawerenga mu taxi m'mawa, ndipo olemba ake amadziwa kuti tikuwerengera pa kasikirini kakang'ono bandulo ikutha, nde amalemba ndime zifupizifupi n'kudula pamene pafika pokoma kuti mawa ubwerenso. Nkhani yotero mutaisindikiza m'buku singakomenso chimodzimodzi, kudikira kuja ndi makomenti a anthu pansi pake ndi ndiwo yake. Yolembedwera foni imakoma pa foni. Ya mwana wanuyo inalembedwera tsamba, apempheni aphunzitsi angojambula tsambalo atumize chithunzi m'malo motayipa.

NaBanda wa ku Ntcheu:
Zikomo nonse. Buku tabwereka kwa aneba, wakopera m'kope monga ananenera aphunzitsi opuma aja, ndime zake zilipo zinayi. Madzulo ano waiwerenga mokweza pakhonde ine ndikusenda mbatata, pofika ndime yachitatu waima yekha n'kubwereza mzere womaliza kawiri.