Kodi mafuta a CBD amamanga m'mimba kapena amatsegula?

Wakujoni: Akuluakulu, kuno ku South Africa mafuta a CBD akugulitsidwa m'mafamase popanda chikalata cha dokotala, ndipo ogulitsa akuti amathandiza odwala m'mimba. Koma ena akuti amamanga m'mimba, ena akuti amatsegula. Zoona ndi ziti?

Wamulabu: Achimwene, anthu amasokoneza CBD ndi THC chifukwa zonse zimachokera ku chamba. M'khoma la matumbo muli mitsempha yolamula kuti minofu ifinye chakudya chizipita kutsogolo, ndipo pamitsemphapo pali timalo totchedwa CB1. THC, yomwe ndi yoledzeretsa ya m'chamba, imagwira pa CB1 mwachindunji, kufinya kuja kumachepa, chakudya n'kumayenda pang'onopang'ono. CBD sigwira pamenepo mwamphamvu. Pa kafukufuku wa mbewa wa mu 2008 ku Italy, CBD sinasinthe kanthu m'matumbo abwinobwino, koma m'matumbo otupa, amene ankathamangitsa chakudya, inabweza liwiro m'malo mwake. Komatu zimenezo ndi mbewa.

Namwino_Chi: Pa anthu nkhani yake ndi yofooka, ndipo zimandiwawa kuona odwala akutayirapo ndalama. Ku Israel, odwala 20 a Crohn's, matenda otupitsa matumbo, anapatsidwa 10 mg kawiri pa tsiku kapena mankhwala opanda kanthu kwa milungu 8, ndipo panalibe kusiyana. Ku Britain, pa odwala 60 a ulcerative colitis, matenda a zilonda m'matumbo aakulu, opeza bwino anali ofanana pakati pa omwa CBD ndi omwa mankhwala opanda kanthu, ndipo ambiri omwa CBD analephera kupirira mankhwalawo. Pamene panaoneka kuwala ndi kuchipatala cha Mayo Clinic ku America mu 2023, pa odwala gastroparesis 44, matenda amene chifu chimachedwa kutsitsira chakudya m'matumbo. Patatha milungu 4 kusanza kunachepa ndipo ankatha kumaliza chakudya, koma atayeza anapeza kuti chifucho chikuchedwa kuposa kale. Munthu ankamva bwino, makinawo osakonzeka. Muyeso wake unkafika 20 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kutanthauza 1,200 mg pa tsiku kwa munthu wa makilo 60. Botolo la kufamase silifikako.

Wamufamase: Za kutsegulako n'zoona. Pa Epidiolex, CBD yovomerezeka ku America mu 2018 pa khunyu, pafupifupi wodwala m'modzi mwa asanu omwa muyeso waukulu amatsegula m'mimba. Pa madontho ogula m'shopu, nthawi zambiri wolakwa ndi mafuta osungunuliramo CBD, makamaka MCT ya kokonati, yomwe imatsegula ikamwedwa m'mimba mulibe kanthu. Tembenuzani botolo muwerenge. Ngati ndi la 30 ml ndipo alemba 600 mg, 1 ml ili ndi 20 mg, womwe ndi malire a tsiku a zogula popanda dokotala ku South Africa. Ku Britain anatsitsa langizo lawo mu 2023 kuchoka pa 70 mg kufika 10 mg pa tsiku. Chakudya cha mafuta chimachulukitsa CBD yolowa m'magazi pafupifupi kanayi, ndiye osamwa lero ndi chipisi, mawa ndi tiyi yekha.

Chachikulu choti musamale nacho ndi chiwindi. Amene akumwa valproate, clobazam (mankhwala a khunyu) kapena warfarin (oletsa magazi kuundana) asayambe okha, ayembekezera ndi oyamwitsa asayese n'komwe.

Namwino_Chi: Ndiwonjezere, achimwene: ngati muli magazi m'chimbudzi, thupi likutsika, kapena kutsegula kwapyola milungu iwiri, pitani akayeze chimbudzi ndi magazi kaye. Giardia ndi amoeba, majeremusi otsegula m'mimba, ali ndi mankhwala ake, ndipo CBD siwapha.