Ndiyambirenso bwanji majowajowa nditathyoka kafupa kakumapeto kwa msana?

Moni nonse akuluakulu a pagulu lino. Ndili ku Kasungu, ndipo ndikupempha nzeru kwa amene anakumanapo ndi vuto ngati langali.

Mwezi wa Febuluwale ndinaterereka pakhonde lonyowa ndi mvula n'kugwa chokhala, ndipo atandijambula kuchipatala anapeza kuti kafupa kakumapeto kwa msana, pamene timakhalirapa, kanathyoka. Adokotala anandiuza kuti kamatenga masabata 8 mpaka 12 kuti kalumikizane, choncho ndinasiya kuthamanga, ndinamwa Brufen monga anandilembera, komanso mpaka lero ndimakhalira pilo wobooka pakati. Tsopano padutsa masabata 14. Kuyenda wapansi sikundivuta, ngakhale ulendo wa ola lathunthu, koma sabata yatha nditayesa kuthamanga pang'ono m'mamawa ululu unabwerera, makamaka podzuka pampando, ndipo unatha masiku atatu. Njinga ndiye sindingayerekeze n'komwe, chifukwa chishalo chimakanikiza pomwepo. Zikundidetsa nkhawa kwambiri, popeza kuthamangako ndi kumene kumandithandiza kuti BP isakwere.

Kodi inu munayamba ndi masewero ati, ndipo munadikira nthawi yaitali bwanji musanayambe kuthamanga? Nanga a mafizo (akatswiri olimbitsa ziwalo kuchipatala) odziwa za fupa limeneli ndingawapeze konkuno, kapena ndipite ku Lilongwe?