Kodi alimi a ku America anagonjetsa bwanji asilikali a Mangalande?

Nachisale, South Bend:

Moni nonse abale. Ndikukonzekera mayeso a unzika wa kuno ku America, ndipo mafunso ake ndimawerengera m'basi ndikamapita ku ntchito ya usiku. Funso lina limafuna chifukwa chimene anthu a kuno anamenyanirana ndi Angelezi. Yankho ndaliloweza: misonkho inachuluka pomwe iwo analibe owayimira ku nyumba ya malamulo ku London, anthu ankakakamizidwa kusunga asilikali a mfumu, komanso sankadzilamulira okha. Kuloweza ndaloweza ndithu, koma mtima sunakhutire.

Ine kwathu ndi ku Chiradzulu. Agogo anga aakazi ankatisimbira za nkhondo ya Chilembwe madzulo tikutong'ola chimanga. Inayamba pa 23 Januwale 1915, koma pofika pa 3 Febuluwale m'busayo anali ataphedwa, tchalitchi cha ku Mbombwe n'kuchigumula. Masabata awiri sanakwane. Ndiye ndikamva zoti kuno alimi ndi amalonda anaukira Mngelezi yemweyo mpaka kumuthamangitsa, mutu wanga sukugwira. Mangalande inali ndi zombo zankhondo zoopsa kuposa za dziko lililonse, ndalama zinalipo, asilikali ophunzitsidwa bwino analipo. Nanga anagonja bwanji? Amene mukuidziwa nkhaniyi ndithandizeni, ndikufuna ndiimvetse osati kungoiloweza.

Mbewe wa ku Domasi:

Mayi Nachisale, funso lanu ndi labwino, ndipo mwalifunsa moyenera. Ndidaphunzitsa mbiri zaka zambiri ndisanapume, choncho ndiyankha monga ndinkayankhira ana m'kalasi.

Choyamba chotsani m'maganizo chithunzi cha alimi ochepa okhala ndi mfuti zagogodera. Madera 13 a ku America omwe adaukira Mangalande adali ndi anthu pafupifupi 2.5 miliyoni, ambiri a iwo ochokera ku Mangalande komweko. Adali ndi nyumba zawo za malamulo, nyuzipepala, madoko, zombo zamalonda, ndipo mudzi uliwonse udali ndi gulu la amuna okhala ndi mfuti zololedwa ndi boma. George Washington mwiniwake, mtsogoleri wa asilikali a maderawo, adaphunzira nkhondo akumenyera mbali ya Angelezi polimbana ndi Afalansa m'zaka za m'ma 1750. Kuyerekeza ndi Chilembwe sikungatheke. Iye adali ndi anthu mazana owerengeka, ambiri atanyamula mikondo, ndipo padalibe dziko lina lomutumizira ngakhale chipolopolo chimodzi.

Mfuti zidayamba kulira ku Lexington ndi Concord pa 19 Epulo 1775. Koma musaganize kuti Washington ankangopambana. Mu 1776, chaka chomwe maderawo adalengeza ufulu pa 4 Julayi, iye adamenyedwa koopsa ku New York, n'kuthawa kudutsa New Jersey yense, asilikali akumuthawa usiku ndi usana. Chimene chidamudzutsa ndi chakuti usiku wa Khirisimasi adawoloka mtsinje wa Delaware, madzi ali ndi zibuma za ayezi, m'mawa mwake n'kugwira asilikali a Chijeremani pafupifupi 900 ku Trenton. Ajeremaniwo Mangalande idachita kuwalemba ganyu, ndipo pa nkhondo yonseyi adabwera okwana ngati 30,000. Mu 1777 Washington adagonjanso ku Brandywine, mzinda wa Philadelphia n'kugwa m'manja mwa adani.

Nzeru yake idali imodzi: gulu lankhondo lisathe. Mngelezi kuti apambane ankayenera kuphwanya gululo ndi kugwira dziko lonse lalikululo. Washington ankangofunika kuti chaka chilichonse chikamatha akhale akadali ndi asilikali. Komanso kumbukirani nyanja. Kalata yochoka ku London inkatenga mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri kuti ifike, ndiye lamulo linkafika zinthu zitasintha kale. Ufa, nyama yamchere, nsapato, zambiri zinkachita kuwoloka Atlantic.

Pomwe zinthu zidatembenukira ndi ku Saratoga. Pa 17 Okutobala 1777 mkulu wa asilikali a Angelezi John Burgoyne, amene adatsika kuchokera ku Canada, adadzipereka pamodzi ndi asilikali ake pafupifupi 6,000. Afalansa ataona zimenezo adati anthuwa ndi ofunika kuwathandiza poyera, ndipo mu Febuluwale 1778 adasainirana nawo pangano. Onga ndi mfuti adali atayamba kale kuwatumizira mobisa. Spain idalowa mu 1779, Adatchi mu 1780. Kuyambira pamenepo Mangalande inkazimitsa moto ponseponse: ku zilumba za Caribbean, ku Gibraltar, ku India, ngakhale pakhomo pake penipeni.

Chisomo, Philadelphia:

Aphunzitsi afotokoza bwino. Ine ndingowonjezera zomwe ndinaona ndi maso, poti Valley Forge, komwe asilikali a Washington anamanga msasa m'nyengo yachisanu, ili pafupi ndi kuno, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto. Ndinapitako ndi ana anga mu Januwale, dala, kuti timve kuzizira kwake.

Anamangako timanyumba ta mitengo tofanana ndi tomwe asilikali ankagonamo. Kamodzi kukula kwake ndi ngati mamita 4 kwa 5, ngati khitchini ya kumudzi, koma munkagona amuna 12 pa mabedi a matabwa osanjikiza. Ndinalowamo nditavala majekete awiri koma zala zinachita dzanzi pasanathe mphindi khumi. Mwana wanga wamkulu anagona pa thabwa limodzi kuti ayese, mapazi n'kugunda khoma.

Anafika pamenepo pa 19 Disembala 1777 alipo pafupifupi 12,000. Patangopita masiku anayi Washington analembera akuluakulu a boma lawo kuti asilikali pafupifupi 2,900 sangagwire ntchito chifukwa alibe nsapato ndi zovala. Masiku ena chakudya chinali ufa wa tirigu wokanda ndi madzi basi, n'kuwotcha pa mwala. Chinandipweteka kwambiri n'choti chakudya m'derali chinalipo. Alimi ambiri ankakonda kukagulitsa kwa Angelezi mu Philadelphia chifukwa ankalipira ndalama zasiliva ndi golide, pomwe asilikali a Washington ankapereka mapepala omwe mphamvu yake inkagwa tsiku ndi tsiku. Anafera pamenepo anthu pafupifupi 2,000, osati ndi zipolopolo ayi, koma kamwazi, tayifodi ndi chibayo. Ambiri anafa chisanu chitayamba kale kutha.

Koma pomwepo ndi pomwe anasanduka asilikali enieni. Mu Febuluwale 1778 kunabwera mkulu wina wochokera ku Prussia, von Steuben, wosadziwa bwino Chingelezi. Anasankha anthu ngati 100, n'kuwaphunzitsa yekha kuguba, kuthira onga mwachangu ndi kubaya ndi mpeni wa kunsonga kwa mfuti. Iwowo n'kukaphunzitsa anzawo. Anakonzanso za zimbudzi, kuti zikhale kumunsi kutali ndi pophikira. Pochoka mu Juni anakumana ndi Angelezi ku Monmouth ndipo sanathawe.

Achemwali, mukadzapeza mpata bwerani, ndidzakuperekezani. Kulowa n'kwaulere.

Jere, Leeds:

Ine sindikutsutsa, koma ndikuona kuti Afalansa simunawapatse gawo lawo lokwanira. Taonani mmene nkhondoyi inathera. Mu 1781 Cornwallis, mkulu wa asilikali a Angelezi, anakakhala ku Yorktown, m'mbali mwa nyanja ku Virginia, akudalira kuti zombo za kwawo zibwera kudzamuthandiza kapena kudzamunyamula. Pa 5 Sepitembala zombo za Afalansa zotsogozedwa ndi de Grasse zinabweza zombo za Angelezi pakamwa pa Chesapeake. Pa nkhondo yapanyanja imeneyo panalibe chombo cha America ngakhale chimodzi. Kumtunda nako, asilikali a Afalansa otsogozedwa ndi Rochambeau anali zikwizikwi, ndipo akatswiri okumba ngalande zozingira mdani komanso mizinga ikuluikulu zambiri zinali za Afalansa. Pa 19 Okutobala Cornwallis anagonja ndi anthu oposa 7,000. Pa mwambo wopereka zida sanabwere, anati wadwala, anatuma womutsatira, O'Hara.

Ndipo Mangalande sinathe mphamvu tsiku limenelo. New York, Charleston ndi Savannah zinali zikadali m'manja mwawo. Chinatha ndi chilakolako chopitiriza kulipira. Mu Febuluwale 1782 aphungu ku London anavota kuti nkhondo ya ku America iime, mwezi wotsatira nduna yaikulu Lord North n'kutula pansi udindo. Pangano la mtendere linasainidwa ku Paris pa 3 Sepitembala 1783. Dziko la France linatuluka ndi ngongole yosaneneka, ndipo ngongoleyo inathandiza kubweretsa chipwirikiti cha 1789 chomwe chinadzagwetsa mfumu yawo.

Nachisale, South Bend:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri. A Mbewe, mwandimasula pa za Chilembwe, ndinkachita ngati kwathu kunaperewera kulimba mtima. Koma ndili ndi funso lina. Nanga anthu akuda anali mbali iti? Pajatu nthawi imeneyo ukapolo unali pachimake.

Mbewe wa ku Domasi:

Mayi, apa mwakhudza pomwe pamandiwawa. Adali mbali zonse ziwiri, aliyense kutsata kumene ankaona kuti unyolo ungaduke. Ku mbali ya Washington adamenya nawo okwana ngati 5,000, ndipo ku Rhode Island mu 1778 adalonjeza ufulu kwa kapolo wolowa usilikali. Koma ochuluka adathawira kwa Angelezi. Mu Novembala 1775 bwanamkubwa wa Virginia, Lord Dunmore, adalengeza kuti kapolo wa munthu woukira mfumu akathawa n'kudzanyamula mfuti ku mbali ya mfumu adzamasulidwa. Sadachite izi chifukwa cha chifundo, ankafuna kufooketsa adani ake. Ambiri mwa othawawo adafa ndi nthomba m'misasa.

Pali munthu mmodzi amene sindimuiwala, Harry Washington. Adabadwira kumadzulo kwa Africa, adagulitsidwa, n'kukakhala kapolo wa George Washington ku Mount Vernon, komwe ankasamalira akavalo. Mu 1776, chaka chomwe mbuye wake ankamenyera mawu oti anthu onse adalengedwa ofanana, Harry adathawira ku zombo za Angelezi. Nkhondo itatha George Washington adaumirira kuti akapolo othawa abwezedwe kwa eni ake, koma mkulu wa Angelezi ku New York, Guy Carleton, adakana. Anthu akuda pafupifupi 3,000 adakwezedwa zombo kupita ku Nova Scotia mu 1783, Harry ali momwemo. Kumeneko adakumana ndi chisanu, tsankho, ndi minda yamiyala yomwe ena sadailandire n'komwe. Mu 1792 pafupifupi 1,200 a iwo adawolokanso nyanja n'kukayambitsa mzinda wa Freetown ku Sierra Leone. Mu 1800 Harry adali m'gulu la omwe adaukira kampani ya Angelezi yolamulira kumeneko, ndipo nkhani ya msonkho wa malo idali pakati pa madandaulo awo. Adamuthamangitsa m'mudzimo.

Omwe adatsala ku America adadikira mpaka 1865 kuti ukapolo uthetsedwe m'dziko lonse. Eni nthaka nawo, monga mitundu ya Iroquois, adagawikana, midzi yawo yambiri idatenthedwa mu 1779, ndipo pa pangano la ku Paris sadaitanidwe ngakhale malo awo ndi omwe ankagawidwa.

Chisomo, Philadelphia:

Za Harry sindinkazidziwa, aphunzitsi. Achemwali Nachisale, mayeso ndi liti? Mafunso enawo tikhoza kumafunsana pa foni Loweruka madzulo ndikaweruka.