Mnyamata wodula nzimbe wabweranso ndi chifuwa chobaya

Medical assistant, Nchalo: Anzanga, ndigaireni nzeru. Ndili ndi mnyamata wa zaka 26, amadula nzimbe. Aka n'kachitatu kubwera. Akuti pachifuwa chakumanzere pamamubaya akakoka mpweya kwambiri kapena akatembenuka pamphasa. Thupi silikutentha, sakutsokomola, m'mapapo mukumveka bwino, BP ili bwino. Amoxicillin wamwa kale kawiri poganizira chibayo, koma palibe chasintha. Iye wakakamira kuti ndi mtima.

Clinical officer, Nsanje: Achimwene, mwamudinako? Yendetsani chala m'mbali mwa fupa la pakati pa chifuwa, pomwe nthiti zimalumikizana nalo, makamaka kuyambira nthiti yachiwiri mpaka yachisanu. Akadzidzimuka n'kunena kuti "pomwepo", ndiye kuti chatupa ndi chichereŵechereŵe cha nthiti, costochondritis ija. Amoxicillin alibe ntchito pamenepo.

Medical assistant, Nchalo: Ndadina. Wadumpha pa yachitatu ndi yachinayi. Chotupa chooneka ndi maso palibe.

Namwino, Ngabu: Kuno timaziona kwambiri mwa amayi osinja pamtondo, ndi anyamata a kabaza onyamula matumba. Koma chonde mufunseni za kuonda ndi thukuta la usiku, ndipo dziwani ngati anayezetsa magazi. TB imabisala. Muonenso khungu, mashingozi amayamba ndi ululu matuza asanatuluke.

Clinical officer, Nsanje: Asisi anena zoona. Ndionjezere: kupweteka podina sikutanthauza kuti mtima uli bwino. Akanakhala bambo wa zaka 50 wa shuga kapena BP, ululu ukutsikira kumkono kapena kunsagwada, akubanika, thukuta lili kamukamu, ameneyo ndi wotumiza kuchipatala chachikulu msanga. Uyu wanu mpatseni bulufeni 400 mg katatu patsiku atadya, kwa masiku ochepa, ndipo azithowa ndi kansalu ka madzi ofunda.

Pharmacy technician, Chikwawa: Pa bulufeni ndikupempheni tisamale. Munthu wogwira ntchito padzuwa la kuchigwa kuno, thukuta tsiku lonse, madzi akumwa pang'ono, impso zake zili kale pa mpanipani. Ngati ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, kapena ali ndi zilonda zam'mimba, ine ndingayambe ndi panado. Mumuuzenso asakagule mankhwala ena pagolosale n'kumaphatikiza.

Medical assistant, Nchalo: Sali pa ma ARV, anayezetsa mwezi watha. Chikundivuta n'choti ndikati akapume, akuti ana adya chiyani.

Namwino, Ngabu: Zimenezo n'zomwe zimandiwawa ine. Tikangoti "kapumeni" samvera, ndipo sitingawadzudzule. Mulembereni kalata yopempha ntchito yopepuka kwa sabata ziwiri. Akabwerera kumunda ayambe pang'onopang'ono, katundu wolemera azinyamula awiri, aziwongola mapewa ndi chifuwa asanagwire chikwanje. Koposa zonse, khalani naye pansi, mumugwiritse chala chake pamalopo, aone yekha kuti ululu uli pa nthiti. Mantha a mtima ndi amene akumubweza kuno. Mumuuziretu kuti zimatha zokha koma zimatenga masabata, nthawi zina miyezi, asaganize kuti mwamunamiza.

Medical assistant, Nchalo: Zikomo nonse. Kalata ndalemba, amoxicillin ndamusiyitsa. Abweranso pakatha sabata ziwiri, koma ndamuuza kuti akayamba kutsokomola, kutentha thupi kapena kubanika asadikire tsikulo.