Tiwathokoze bwanji akuluakulu osunga mbiri ya kwathu ku Chongoni?

Moni nonse muno, a adimini zikomo pondilola. Funso langa ndi lalitaliko, mupirire nane.

Ine kwathu ndi ku Dedza, kufupi ndi phiri la Mphunzi, dera la Chongoni kuja kuli mapanga a zojambula zamakedzana. Ena mukudziwa kuti mu 2006 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo malo ojambulidwawo alipo 127. Zofiira zija amati anajambula ndi Akafula, zoyerazo ndi makolo athu Achewa, zina za chinamwali zina za gule. Koma abale miyala ija siinadzisunge yokha ayi.

Kumudzi kwathu kuli anthu atatu amene ine mtima umandiwawa ndikawaganizira. Kuli abambo ena achikulire amene chiyambire ndili mwana amaperekeza alendo kuphanga, ndipo ndi omwewo amathamangitsa anyamata oweta mbuzi akamalemba maina awo ndi makala pamwala kapena kusonkha moto mkatimo, poti utsi umadetsa zojambula zija mpaka osaonekanso. Palibe amawalipira. Kuli agogo aakazi, anamkungwi, odziwa nyimbo zonse za kutsimba. Nde palinso aphunzitsi opuma amene anadzaza makope a sukulu ndi maina a mafumu athu kuyambira kale, mafuko, Aphiri Abanda Ambewe, mabwinja a midzi yakale, ndi mapanga omwe makolo ankabisalamo nthawi ya nkhondo za Angoni. Makopewo chiswe chayamba kuwalowa. Alendo amabwera ndi makamera, kufunsa mafunso tsiku lonse, kupita, maina a anthuwa sitinawamvepo akutchulidwa paliponse.

Ife ana a mudziwu okhala ku Lilongwe ndi ku Joni tasonkherana kangachepe pa WhatsApp, tikufuna tiwathokoze adakali moyo akumva ndi makutu awo, osati kudzawayamika pamanda. Koma tagawanika. Ena akuti satifiketi ndi phwando, ena akuti tingowapatsa ndalama m'manja basi, achinyamata akuti tiwajambule vidiyo tiike pa YouTube. Mantha anga ndi oti vidiyoyo ingaulule zosayenera kuululidwa, komanso makope aja tikangowatulutsa poyera angadzutse mkangano wa ufumu poti mbumba ziwiri sizigwirizana pa dzina limodzi mmenemo. Amene munapangako zotere, munayenda nazo bwanji?

Mayi wa ku Mtakataka: Mwana wanga mwaganiza bwino koma musalumphe mfumu. Yambani kwa anyakwawa, akutengereni kwa a gulupu, mwambo uchitikire pabwalo ndipo maina awatchule ndi amfumuwo, inu a m'tauni mukhale pansi. Za agogo anamkungwiwo asapite anyamata ndi mafoni ayi, apite amayi oti anavinidwa akawafunse okha kuti chololedwa kumveka ndi anthu onse ndi chiti. Nyimbo za pabwalo tsiku lotulutsa anamwali palibe vuto, za kutsimba zikhale kutsimba komweko.

Mchewa wa ku Kasungu: Ndikuvomerezana ndi amayiwa. Gule wamkulu nayenso UNESCO inamuzindikira mu 2005 koma izo sizinatsegule dambwe kuti aliyense azilowa ndi kamera. Muli pafupi ndi Mua achimwene, tsikirani ku Kungoni, malo osungira za chikhalidwe omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976 mukaone mmene anasungira za Achewa, Angoni ndi Ayao, mukafunsenso nzeru kumeneko.

Wa ku Lobi: Satifiketi ndi yabwino ikhomedwe pakhoma zidzukulu zizionako, koma kuzizira kwa ku Dedza mu June mukukudziwa. Bulangeti lochindikala, feteleza, ngati denga likudontha malata. Ndalama m'manja zimathera mwa achibale sabata isanathe.

Wokonda zakale: Ine changa ndi makopewo, phwando likhoza kudikira koma chiswe sichidikira. Pitani ndi foni ya kamera yabwino mujambule tsamba lililonse masana panja pamthunzi, motsatana, ngakhale masamba ong'ambika ndi zolemba za m'mphepete. Mukatero mutaipe, musindikize, pachikuto pakhale dzina la aphunzitsiwo ngati mlembi, chimenecho ndiye ulemu waukulu kuposa zonse mwatchulazo. Makope enieniwo musawalande, agulireni bokosi lachitsulo. Buku limodzi lipite ku sukulu ya pulaimale ya kwanuko, lina mukayese ku National Archives ku Zomba, kosungira zolemba zakale za dziko lino. Za mkanganowo, paliponse pamene pali kusemphana mulembe kuti mbumba iyi imafotokoza chonchi, inayo chonchi, musagamule ndinu. Ndipo poti ufumu wa Achewa umatsata kuchikazi, onetsetsani maina a amayi a mafumuwo alembedwa, ngati akusowa anamkungwi aja ndi amene angawakumbuke. Za abambo operekeza alendowo lembani kalata ku dipatimenti ya Museums and Monuments, amfumu adindepo chidindo, boma lidziwe amene akulondera phanga tsiku ndi tsiku.

Mlongo wanu ku Blantyre: Ine ndikusiyana nanu pang'ono. Mukasankha atatu okha mudzi wonse ukuona, muyambitsa nsanje, mawa mumva kuti agogo aja akunenedwa zina. Alipo ena oimba ng'oma, osema, amene nawonso asunga zambiri. Bwanji muzichita chaka ndi chaka kuti otsalawo adziwe kuti nthawi yawo ikubwera?

Wofunsa: Zikomo nonse. Achemwali a ku Blantyre mfundo yanu ndaimva ndipo ndikaipereka ku komiti, koma atatuwa tiyambe nawo chifukwa akula kwambiri, anamkungwiwo maso anayamba kale kuvuta. Za YouTube tazisiya kaye mpaka amayi akawaone. Mwambo tikuganiza mu August anthu atakolola. Chatsala ndi ichi, alipo muno amene anakasiyako zolemba za mudzi ku Zomba kuja? Amalandira zosindikiza kapena amafuna makope enieniwo? Chifukwa aphunzitsiwo sangalole kuti makope awo achoke m'nyumba mwawo.