Soya masamba akukwinyika, ndipopere chani?

Mlimi_watsopano: Akuluakulu ndithandizeni. Soya wanga masamba akukwinyika ngati apsa ndi moto, ali mawangamawanga pena obiriwira kwambiri pena otuwa, mitengo ina yapinimbira pomwe inzake ikukula bwinobwino. Ndapopera mankhwala a dzimbiri kawiri koma palibe chasintha. Mbewu ndi yomwe ndinasunga chaka chatha.

Chemwali_wa_soya: Achimwene mwangotaya mankhwala apa. Dzimbiri limaoneka timadontho tofiirira kunsi kwa tsamba, zanuzi zikumveka ngati vayirasi ija ya mosaic. Tandiuzeni, mbewu munadzalayo inalibe mizere yakuda kapena yofiirira yochokera pa kamchombo paja?

Mlimi_watsopano: Iiii inalipo ndithu, ine ndimangoti ndi mtundu wake.

Mkulu_wakumunda: Ndiye yankho mwalipeza. Soybean mosaic imabisala mu mbewu, nthawi zambiri ndi njere zochepa chabe pa 100 zomwe zimamera ndi matendawa koma zimenezo ndi zokwanira, chifukwa nsabwe zikangolawa mtengo wodwala n'kuulukira pa wabwino zimapatsira pa masekondi owerengeka basi, ndiye ngakhale mupopere mankhwala a nsabwe zimafa zitafalitsa kale. Apa mpomwe ambiri timapusitsika. Mankhwala ochiza vayirasi mu mbewu kulibe, wina akakugulitsani botolo ati limachiza, akuberani. Zulani mitengo yodwalayo ikadali yochepa mukaikwirire kutali, palirani udzu, ndipo zokolola za mundawo musadzalenso.

Chemwali_wa_soya: Zoona bambo, koma mizere pa njere si umboni nthawi zonse, ina imakhala yoyera koma ili nako kachilomboko. Komanso kukatentha kwambiri masamba amaoneka ngati achira, musanyengeke.

Wokayikira: Ine ndifunse kaye, pafupi palibe anapopera mankhwala opha udzu aja a 2,4-D? Mphepo ikawaulutsira pa soya masamba amapindika chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'koti za 2,4-D zimayambira mbali imodzi ya munda, pomwe vayirasi imagwira apa ndi apo. Muonenso ntchentche zoyera, zija zimafalitsa vayirasi ina yotchedwa cowpea mild mottle.

Mlimi_watsopano: Ayi palibe anapopera, ndipo yagwira apa ndi apo ndithu. Mawa ndiyamba kuzula, koma mtima ukuwawa guys, ina inayamba kale maluwa.